Galimoto Ikakana Kulira, Kompyuta Iziyesedwa Pomalizira

Mlimi wa matimati alibe tsiku lodikira. Mabokosi akapakiridwa usiku kuti m'mawa akafike ku msika wa Soweto ku Lusaka, galimoto n'kukana kulira, thukuta la miyezi inayi limayamba kuola pomwepo. Pa nthawi yotere mlimi amamva mau akuti, "Kompyuta yapsa, gulani ina." Mau amenewa amanenedwa msanga, koma kawirikawiri sakhala oona. Kompyuta ya injini ili m'gulu la ziwalo zodula kwambiri, komanso ndi ciwalo cimene sicifa wamba. Ndiye cifukwa cake timaphunzitsa kuti iziyesedwa zina zonse zitayesedwa kale.

Nchito ya kompyuta

Injini zakale za dizilo, monga ya thirakitala ya Massey Ferguson 290, zimagawa mafuta ndi pampu yoyenda ndi zitsulo zokha. Magalimoto a masiku ano, monga Toyota Hilux ya injini ya D-4D, ali ndi kabokosi kamene amakanika amakacha ECU. Kabokosika kamamva kucokera ku masensa kuti injini ikuzungulira motani, yatentha bwanji, ndiponso mpweya ukulowa wocuruka motani. Kenaka kamalamula mainjekita kuti apopere mafuta angati ndi pa nthawi iti. Koma kamadalira magetsi okwanira ndi uthenga wolondola. Cimodzi mwa ziwirizi cikasowa, kompyuta yabwinobwino imakhala cete ngati yakufa.

Yambani ndi khutu

Potembenuza kiyi, mvetserani. Ngati kuli zii, kapena mukungomva "tha! tha!", vuto lili pa batire, pa mitu yake, kapena pa sitata. Apa kompyuta sitiiganizira n'komwe. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 pa mita yoyezera magetsi, ikaonetsa 12.2 ndiye kuti yatsala theka. Poliza injini, mphamvu isatsike kupitirira 9.6. Mitu ikacita zoyera ngati ufa, itsukeni ndi madzi ofunda a soda ndipo muimange zolimba. Onaninso waya wonenepa wocokera ku batire kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini, pakuti miseu yathu ya mabampu imaumasula.

Ngati injini ikuzungulira bwino koma osagwira, tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, osaliza. Nyali ya cithunzi ca injini iyenera kuyaka. Ikayaka, kompyuta ikulandira magetsi ndipo yadzuka. Ikapanda kuyaka, onani mafyuzi ndi relay yaikulu ya injini. Pa Toyota fyuzi yake imalembedwa EFI kapena ECD. Fyuzi ndi yochipa kwambiri, koma ikapsa imazimitsa zonse monga mmene kompyuta yakufa ikanacitira. Mukaika ina n'kupsanso, musaikepo kawaya m'malo mwake: pali waya wosupuka umene ukukhudza citsulo. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena mosungira cimanga imacezeredwa ndi makoswe, ndipo makoswe amadya mawaya.

Mafuta ndi masensa

Dizilo wa m'migolo ndi m'zigubu amabwera ndi madzi ndi fumbi. Tsegulani kapopi ka pansi pa sefa ya mafuta kuti madzi atuluke, kenaka popani ndi kapampu ka dzanja mpaka kalimbe. Kakakana kulimba, mpweya ukulowa penapake. Tikucenjezeni kolimba: pa injini ya common rail musamasule mapaipi a mainjekita pamene injini ikuzungulira, monga tinazolowerera pa mathirakitala akale. Mphamvu ya mafuta mmenemo imapitirira ma bar 1,000, ndipo dizilo amaboola khungu.

Sensa ya crankshaft ndiyo imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Ikafa, kapena pulagi yake ikalowa matope, kompyuta simalamula mafuta ngakhale dontho limodzi. Palinso loko ya magetsi yoletsa akuba, yochedwa immobiliser. M'mutu wa kiyi muli kacipangizo kamene galimoto imakazindikira. Kiyi yosulitsa pa msika imatembenuka bwino, koma injini siilola. Kanyali ka citetezo kakapitiriza kuphethira kiyi ili mkati, yesani kiyi inzake imene inabwera ndi galimoto.

Makina opimira

Zonsezi zikakhala bwino, itanani makanika wa zamagetsi amene ali ndi makina opimira. Amawalumikiza ku soketi ya mabowo 16 ya OBD-II imene ili kunsi kwa ciongolero. Makinawo amatulutsa manambala: P0335 imaloza ku sensa ya crankshaft kapena mawaya ake, P0087 imati mphamvu ya mafuta yacepa, ndipo P0606 imaloza mkati mwa kompyuta yeniyeniyo. Nambala imangosonyeza kumene tiyang'ane, siigamula mlandu. Ngakhale makina atalephera kulankhula ndi kompyuta, makanika ayambe wayeza pa pulagi yake ngati magetsi akufika, ngati earth ili bwino, ndiponso ngati mavoti 5 opita ku masensa akutuluka. Sensa imodzi yoonongeka ingathe kugwetsa mavoti 5 amenewa, kompyuta n'kuoneka ngati yafa. Mufunseni akuonetseni zimene wayeza, pakuti ndalama ndi zanu.

Ikakhala kuti yafadi

Kawirikawiri kompyuta sifa yokha. Imaphedwa ndi madzi poolotsa galimoto pa mtsinje wodzaza m'dzinja, ndi mawaya obwerekera moto olumikizidwa mosemphanitsa, ndi kuwocherera zitsulo pa galimoto batire isanacotsedwe, kapena ndi kucotsa batire injini ikulira. Pezani cimene cinapha yoyambayo, apo ai cidzaphanso yatsopano.

Pogula, tengani yakaleyo ndipo nambala ya pa cikwangwani cake ifanane ndi ya yatsopano cilembo ndi cilembo. Pa Toyota manambalawa kawirikawiri amayamba ndi 89661, koma zilembo zotsatira ndizo zimasiyanitsa injini, giya ndi dziko limene galimoto inapangidwira. Mabokosi awiri ofanana maonekedwe sakhala ofanana mkati. Mukagula yakale kwa ogulitsa ziwalo za magalimoto ophwasula, gwirizanani molemba kuti mudzaibweza ikakana.

Poika, zimitsani kiyi, cotsani waya wa negative pa batire, ndipo mapulagi muwamasule mofatsa osapinda timano take. Dziwaninso kuti kompyuta yatsopano siidziwa kiyi yanu. Iyenera kulembetsedwa ndi immobiliser, kapena kugulidwa pamodzi ndi bokosi la immobiliser ndi makiyi ake. Pa D-4D manambala olembedwa pamutu pa injekita iliyonse ayeneranso kulowetsedwa, apo ai injini idzagogoda ndi kufuka utsi. Mtengo wa nchito imeneyi muufunse musanagule ciwalo.

Inu amene mwagula kale galimoto pa munda wanu, sungani mkati mwake mita yoyezera magetsi, mafyuzi apadera ndi sefa imodzi ya mafuta. Kiyi yaciwiri ikhale kunyumba. Ndipo galimoto muiyese dzuwa likalipo, matimati asanathyoledwe.