Uvuni Watsopano wa Magetsi

Abale, uvuni wa magetsi sufuna nkhuni kapena makala. Koma uli ndi khalidwe lake, ndipo tiyenera kulidziwa.

Tsiku loyamba musaikemo chakudya. Tsegulani mazenera. Yatsani uvuni uli wopanda kanthu kwa mphindi 30 kapena ola limodzi. Mudzamva fungo, mwina mudzaonanso utsi pang'ono. Musaope. Amenewo ndi mafuta a ku fakitale, akupsa.

Pofuna kuphika, yatsani ndi kudikira. Kanyali kakazima, kutentha kwakwana. Keke imafuna madigiri 180. Buledi amafuna 200 kapena kupitirira pang'ono.

Ine buledi wanga woyamba anapserera mbali yakumbuyo, yakutsogolo ili yosapsa. Ufa unapita pachabe. Mauvuni ambiri amatentha kwambiri kumbuyo. Tsopano nthawi ikafika pakati ndimatembenuza thireyi. Koma kamodzi kokha! Chitseko chikamatsegulidwa pafupipafupi, kutentha kumathawa, keke imaphwa.

Uvuni umadya magetsi ambiri, pafupifupi mawati 2000. Musaulumikize pa soketi imodzi ndi simbi yositira. Waya amatentha, nyumba itha kuyaka. Musaugwire ndi manja onyowa.