Amakaniko osaka kabowo kosaoneka

Pa ntchito zonse za pagaraja, yosaka pamene nthunzi ya petulo ikuthawira ndi imene imasiyanitsa makaniko weniweni ndi wongosintha zitsulo. Oyilo akamadontha amadetsa pansi, ndipo ngakhale mwana amaloza ndi chala. Nthunzi siisiya dontho.

Petulo akatenthedwa m'thanki amatulutsa nthunzi. Kale inkangouluka, mpaka mu 1970 pamene California inalamula kuti magalimoto atsopano aziitsekera, ndipo chaka chotsatira lamuloli linagwira America yense. Nthunziyo imayenda m'timapaipi kukagwidwa m'kabokosi ka makala kotchedwa canister. Injini ikatentha, valavu ya purge imatseguka, injiniyo n'kuiyamwa ndi kuiwotcha. Magalimoto a dizilo alibe zimenezi. Kuchokera mu 1996, OBD-II itakhazikitsidwa ku America, kompyuta ya galimoto inayamba kudziyeza yokha: ikapeza bowo lalikulu imalemba P0455, laling'ono P0442, ndipo kabowo ka theka la milimita P0456. Nyali ya check engine imayakira pamenepo.

Apa m'pamene amisiri amagawikana. Pali achinyamata oyenda ndi kamakina m'thumba, amene amakalumikiza pansi pa chiwongolero, kuwerenga nambala, kuifufuta, n'kulandira ndalama. Mwini galimoto amachoka akumwetulira, koma pakapita masiku nyali ija yayakanso. Nambala imangonena kuti bowo lilipo, sinena kuti lili pati.

Wodziwa ntchito amayambira pachivindikiro cha thanki. Amachitembenuza, kupenda mphira wake ngati wang'aluka, chifukwa nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Chikakhala bwino, amatseka valavu ya vent, imene thanki imapumira, n'kupopera utsi m'mapaipi ndi makina apadera, mwapang'onopang'ono kuti asaphulitse kanthu. Kenako amagona chagada kunsi kwa galimoto ndi tochi, kudikira kautsi koyera kotuluka pamphira wouma kapena pakhosi la thanki lodyedwa ndi dzimbiri. Wopanda makinawo amadalira mphuno ndi madzi a sopo, kuyang'ana pamene thovu likufufuma. Fodya ndi machesi zisayandikire.

M'magaraja a ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande, kumene kwadzaza magalimoto ogwiritsidwapo ntchito ochokera ku Japan, ntchitoyi ili ndi zakezake. Fumbi la misewu yathu limatseka vent. Chivindikiro chikatayika, ena amangotsekapo nsanza ndi jumbo. Koma chachikulu n'chizolowezi chobwera ndi kusowa kwa mafuta: munthu wagona pamzere, ndiye akafika papampu amati, “Thirani mpaka pakamwa, achimwene,” uku akugwedeza galimoto kuti alowe ena. Petulo wamadziyo amasefukira m'makala aja, amene anapangidwira nthunzi yokha, ndipo canister imawonongeka. Amakaniko ena amangoichotsa n'kutseka paipi ndi bawuti. Kwa ine uku n'kuba, pakuti thanki yosapuma imatha kufwaphira mkati pampu ikamakoka mafuta.

Galimoto ikamavuta kulira itangomwa kumene mafuta, mmisiri wakale amadziwiratu kuti valavu ya purge yakanirira yotseguka. Amaizula, kuipukuta, n'kuuzira mpweya. Yabwino ikakhala yosalumikizidwa ku magetsi siilola mpweya kudutsa. Ikalola, amatuma mnyamata wake kukafuna ina kwa ogulitsa masipeya, ndipo amamuuza kuti anyamule yakaleyo akafananize.