Chifukwa chake ambiri amakonda saluni

Ndikafunsidwa chifukwa chake madalaivala ambiri amasankha saluni osati Vitz kapena Fielder, ndimayamba ndi buti. Buti ya Corolla Axio ndi chipinda chapachokha. Ukaikamo laputopu, wakuba wosuzumira pagalasi saiona, ndipo fungo la usipa wogula ku Salima silifika msanga kwa okwera. Phokoso la matayala akumbuyo nalonso limachepa.

Palinso nkhani ya ulemu. Sienta ndi Probox tinazizolowera ngati zonyamula matola, ndiye wopita ku ukwati amafuna galimoto yooneka yabwana. Apa pokha ine sindivomereza. Axio ndi Fielder injini zake n'zofanana, koma pokatenga chimanga kumudzi, Fielder umangogoneka mipando n'kulongeza matumba amene mu saluni sangakwane.