Mayeso a Pamsewu: Njira Yopezera Laisensi ku Mzuzu

Masiku ano mu mzinda wa Mzuzu muli magalimoto ndi njinga zamoto zambiri. Maminibasi amanyamula anthu kupita ku Ekwendeni, ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay. Anyamata a kabaza amatenga anthu pa msika kupita nawo ku Chibavi, ku Luwinga, ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa. Mabanja ambiri akudyera momwemo. Koma si onse oyendetsa amene ali ndi laisensi. Ena amati, "Ine ndimatha kale, mayeso n'ngachiyani?" Ena amaopa, poganiza kuti mayeso ndi a anthu ophunzira kwambiri. Inu amene mwadziŵa kuŵerenga tsopano, musaope. Njira yake ndi iyi.

Laisensi n'chiyani?

Laisensi ndi chiphaso cha boma. Chimanena kuti mwini wake adayesedwa ndipo adapezeka kuti angathe kuyendetsa pamsewu osaika anthu pa ngozi. Lamulo la Pamsewu la chaka cha 1997 limaletsa munthu kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto pamsewu wa onse alibe chiphasochi. Apolisi akamgwira, amalipira chindapusa kapena kupita kukhoti. Akachita ngozi, mlandu wake umakula, ndipo a inshuwalansi angakane kulipira zoonongeka. Komanso bwana wanzeru salemba ntchito dalaivala wopanda laisensi.

Kodi mayeso amachitikira kuti?

Amene amayesa anthu ndi kupereka malaisensi ndi nthambi ya boma yotchedwa Directorate of Road Traffic and Safety Services. Anthu amangoti "ku Road Traffic". Nthambiyi ili ndi maofesi ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ofesi ya ku Mzuzu ndiyo yaikulu m'chigawo cha kumpoto. Anthu a ku Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma, Karonga ndi Chitipa amabwera kumeneko.

Ngati mukuchokera kutali, konzekani bwino. Kuchokera ku Nkhata Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, koma kuchokera ku Karonga ndi makilomita oposa 200. Zonse sizitha tsiku limodzi. Choncho yambani mwafunsa masiku a mayeso ndi ndalama zofunika, chifukwa mitengo imasintha. Pezeranitu pogona kwa mbale. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Dziŵani ichi: apolisi sapereka laisensi. Sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto sipereka laisensi. Sukulu imangophunzitsa, apolisi amangoona ngati muli nayo. Wopereka ndi Road Traffic yokha.

Mitundu ya malaisensi

Laisensi iliyonse ili ndi chilembo chake. Chilembocho chimasonyeza chimene mwaloledwa kuyendetsa.

A1 ndi ya njinga yamoto yaing'ono, imene injini yake siposa 125 cc.
A ndi ya njinga yamoto yaikulu, yoposa 125 cc.
B ndi ya galimoto yaing'ono, yosaposa makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake.
C1 ndi C ndi za malole. EC ndi ya lole yaikulu yokoka ngolo.

Wofuna laisensi ya B ayenera kukhala atakwanitsa zaka 18. Wa kabaza ayambe waona kukula kwa injini m'bulubuku ya njinga yake, kuti adziŵe ngati akufunika A1 kapena A. Amene afuna kuyendetsa minibasi yonyamula anthu afunikanso chilolezo china chapadera chotchedwa PrDP, kuwonjezera pa laisensi.

Poyambira pake

Choyamba ndi kulembetsa dzina. Tengani chitupa chanu cha unzika, chija boma lidayamba kupereka mu 2017. A Road Traffic amasunga zonse mu makina a kompyuta otchedwa MalTIS. Adzakujambulani chithunzi ndi kutenga zidindo za zala zanu. Nchifukwa chake simungatume munthu wina. Muyenera kupita nokha. Ndalama iliyonse imene mwalipira, landirani lisiti lake ndi kulisunga bwino.

Chachiŵiri ndi mayeso a malamulo a pamsewu. Apa ndi pamene sukulu ya kwacha idzakuthandizeni. Pezani kabuku ka malamulo a pamsewu, kotchedwa Highway Code. Ŵerengani pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Pamene simukumva, funsani aphunzitsi anu kapena dalaivala wodziŵa. Yambani ndi zikwangwani, chifukwa maonekedwe ake amalankhula:

Chikwangwani cha ngodya zitatu, chofiira m'mbali, chimachenjeza. Chimati kutsogolo kuli ngozi, monga pokhota, mlatho wopapatiza kapena ana a sukulu.
Chozungulira, chofiira m'mbali, chimaletsa. Ngati pakati pake pali nambala, liŵiro lanu lisapose nambalayo.
Chozungulira cha mtundu wa buluu chimalamula chochita.
Chofiira cha ngodya zisanu ndi zitatu, cholembedwa STOP, chimati imani ndithu.

Mukamayenda m'tauni, ziyang'anani zikwangwani zimenezi ndi kudzifunsa tanthauzo lake. Msewu womwewo ndi sukulu.

Mukakhoza mayesoŵa, mumalandira laisensi ya wophunzira. Imeneyi sindiyo laisensi yeniyeni ayi. Imangokulolani kuphunzira. Pa galimoto pamaikidwa chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pambali panu payenera kukhala munthu amene ali ndi laisensi. Laisensi ya wophunzira imatha mphamvu, choncho onani tsiku lolembedwapo ndipo musazengereze.

Chachitatu ndi kuphunzira kwenikweni. Pitani ku sukulu yoyendetsa galimoto imene boma lidaivomereza. Ku Mzuzu ziliko zingapo. Mnzanu angakuphunzitseni kusintha magiya, koma angakupatsireninso zizoloŵezi zake zoipa, ndipo zimenezo ndizo zimagwetsa anthu pa mayeso.

Tsiku la mayeso a pamsewu

Fikani m'mamaŵa. Tengani chitupa cha unzika, laisensi ya wophunzira ndi malisiti onse. Ngati mumavala magalasi a maso, avaleni. Valani nsapato zogwira phazi, osati masilipasi. Moŵa musaulaŵe n'komwe, ngakhale usiku wa dzulo lake. Ambiri amayesedwa pa galimoto ya sukulu imene adaphunzirako, ndipo ndi bwino kutero chifukwa mwaizoloŵera.

Mayeso amayamba galimoto isanalire. Woyesa amaona ngati mwayang'ana matayala ndi magetsi. Amaona ngati mwakonza mpando ndi magalasi oonera kumbuyo, ngati mwamanga lamba, ndiponso ngati giya ili pa fili musanalize injini. Izi zimaoneka zazing'ono, koma zimasonyeza munthu wosamala.

Kenaka pali zoyesa za pabwalo. Woyesa angakuuzeni kubwerera m'mbuyo ndi kuloŵetsa galimoto pakati pa zizindikiro zimene aimika. Chinsinsi chake ndi kuyenda pang'onopang'ono, phazi lili pa kilachi, maso ali pa magalasi ndi kumbuyo. Mukagunda chizindikiro, ganizani kuti mwagunda mwana. Woyesa naye amaganiza chimodzimodzi.

Angakuuzeninso kuima pa chitunda ndi kunyamukanso. Mzuzu ndi malo a zitunda, ndiye luso limeneli mudzalifuna tsiku lililonse. Chitani motere: kokani handibuleki, pondani kilachi, ikani giya yoyamba. Pondani moto pang'ono. Tulutsani kilachi pang'onopang'ono mpaka mutamva kuti injini yasintha kulira ndipo galimoto ikufuna kupita. Pamenepo tsitsani handibuleki. Mukatsitsa msanga, galimoto ibwerera m'mbuyo. Mukatulutsa kilachi mofulumira, injini izima.

Pomaliza mumaloŵa mu msewu wa onse, woyesa ali pambali panu. Iye amakuuzani kokhotera, inu n'kumatsata. Kuno ku Malaŵi timayenda mbali ya kumanzere. Woyesa amayang'ana izi:

Kodi mumayang'ana pa magalasi musananyamuke, musanakhote ndiponso musanaime?
Kodi mumayatsa indiketa nthaŵi ilipo, ndi kuizimitsa mukakhota?
Kodi pa STOP matayala amaima ndithu, kapena mumangochepetsa liŵiro?
Kodi pa raundabauti, monga ija ya ku Katoto, mumadikira magalimoto ochokera kudzanja lamanja?
Kodi mumaima pamene munthu akuwoloka pa mizere yake yowolokera?
Kodi mumasiya mpata wokwanira pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo?
Kodi mumapeŵa kupitirira galimoto ina pamene pali mzere woyera wosadukiza?

M'tauni ya Mzuzu msewu ndi wa ambiri: oyenda pansi, a njinga zakapalasa, a kabaza, amayi osenza katundu ndi ana a sukulu. Minibasi ingaime mwadzidzidzi kutsogolo kwanu. Woyesa sakufuna kuona kuti ndinu katswiri wothamanga. Akufuna kuona ngati maso anu amaona anthu onseŵa, ndiponso ngati mtima wanu uli m'malo. Funso limene lili mumtima mwake ndi limodzi: "Kodi munthu uyu ndingamlole kunyamula mwana wanga?"

Ngati simunamve zimene wanena, funsani mwaulemu kuti, "Pepani bwana, mubwerezenso." Kufunsa sikulephera ayi. Injini ikazima, musanjenjemere. Kokani handibuleki, lizaninso, yang'anani pa magalasi, pitirizani.

Mayeso a njinga yamoto

Wa njinga yamoto amatsata njira yomweyo: kulembetsa, mayeso a malamulo, laisensi ya wophunzira, kenaka mayeso oyendetsa. Bwerani ndi helemeti, ndipo mangani lamba wake kukhosi. Helemeti yosamanga imagwa mutu usanafike pansi.

Pa njinga, chovuta sikuthamanga ayi, koma kuyenda pang'onopang'ono osagwetsa phazi pansi. Phunzirani kukhota pa malo ochepa, kumanja ndi kumanzere komwe. Pokhota, yang'anani kumene mukupita, osati tayala la kutsogolo. Phunziraninso kuima msanga. Buleki ya kutsogolo ili kudzanja lamanja, ya kumbuyo ili kuphazi lamanja. Gwirani zonse ziŵiri pamodzi. Anyamata ambiri amadalira ya phazi yokha, ndipo njinga imaterereka, makamaka ku Mzuzu kumene mvula imagwa kaŵirikaŵiri. Musanapatuke, tembenuzani mutu, chifukwa galasi silionetsa zonse. Pamene mukuphunzira, musanyamule munthu.

Inu a kabaza, ganizani bwino. Wopanda laisensi amayenda ndi mantha. Akaona apolisi amathaŵira njira za m'makwalala, nthaŵi zina ali ndi mayi ndi mwana kumbuyo. Ngozi zina zimayamba pamenepo. Ndalama zimene zimathera ku chindapusa zikadatha kulipira mayeso. Sungani pang'onopang'ono, kapena chitani chipereganyu ndi anzanu a pa siteji kuti mmodzimmodzi azipita ku mayeso.

Mukakhoza, mukalephera

Mukakhoza, mumalipira ndalama ya khadi ndi kulandira laisensi yokhala ndi chithunzi chanu. Ŵerengani zonse zolembedwapo musanachoke pa ofesi. Onani ngati dzina, tsiku lobadwa ndi chilembo zili bwino. Laisensi imagwira ntchito zaka 5, kenaka mumakaikonzetsanso. Yendani nayo nthaŵi zonse pamene mukuyendetsa.

Mukalephera, musachite manyazi. Madalaivala abwino ambiri sadakhoze ulendo woyamba. Funsani woyesa pamene mwalakwitsa. Lembani m'kope lanu, poti tsopano mumatha kulemba. Bwererani kwa aphunzitsi, konzani cholakwacho, ndipo kalembetseninso.

Chenjerani ndi madobadoba

Pafupi ndi maofesi otere pamapezeka anthu ena amene sagwira ntchito m'boma. Anthu amawatcha madobadoba. Amabwera ndi mau okoma: "Akulu, musavutike ndi mzere, ndipatseni kangachepe, zonse ndikonza ine." Ena amalonjeza laisensi popanda mayeso. Kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wina amathaŵa ndi ndalama zanu. Wina amakupatsani khadi yabodza imene mu kompyuta mulibe, ndipo tsiku logwidwa womangidwa ndinu. Kupereka chiphuphu ndi mlandu, monganso kulandira. Wina akakupemphani chiphuphu, mungathe kukanena ku Anti-Corruption Bureau, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu komweko.

Koma choopsa kwambiri si ndende. Munthu angagule khadi, koma luso sangaligule. Tsiku lina adzakhala akutsika phiri la Chiweta ndi anthu odzaza galimoto. Tsiku lina adzakumana ndi nkhungu ku Chikangawa, osaona kutsogolo. Pamenepo dobadoba sadzakhalapo. Chimene chidzapulumutse anthuwo ndi zimene dalaivala adaphunzira, zomwe woyesa adaziona ndi maso ake.

Mafunso okambirana

1. Ndani amapereka laisensi, ndipo ofesi yaikulu ya kumpoto ili kuti?
2. Kodi laisensi ya A1 ikusiyana bwanji ndi ya B?
3. Chikwangwani cha ngodya zitatu chimatanthauza chiyani? Jambulani chimodzi chimene mudachionapo.
4. Fotokozani mmene munganyamukire pa chitunda galimoto osabwerera m'mbuyo.
5. Kodi kwanuko kuli a kabaza opanda laisensi? Nanga kalasi lanu lingawathandize bwanji?