NSIMA MWACHEPETSA KOMA THUPI SILIKUTSIKA: NCHIFUKWA NINJI?

Kale anthu akaona munthu wanenepa amati zake zikuyenda. Lero madotolo akutiuza kuti kunenepa kopitirira kumaitana nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chotero ambiri amene alangizidwa kuchipatala ayamba kuchepetsa chakudya. Koma ena, atayesa mwezi umodzi kapena iwiri, amakwera pa sikelo napeza kuti muvi uli pomwe paja. Pamenepo amataya mtima, ndipo abale ao amawanena kuti amadya mobisa. Si onse amadya mobisa ai. Mwa anthu ena choletsa chili m'magazi mwao, kapena m'mankhwala amene akumwa.

Amithenga a m'magazi

M'thupi mwathu muli timadzi tina totchedwa mahomoni. Timadzi timeneti tili ngati amithenga a mfumu: timayenda m'magazi kukauza ziwalo zochita. Ena mwa mahomoniwa amalamula njala, ena amalamula ngati chakudya chipse msanga kapena chisungidwe monga mafuta. Mthenga akachedwa, mudzi wonse umachedwa.

Kutsogolo kwa khosi kuli kachiwalo kotchedwa chithokomiro. Kachiwalo kameneka kakafooka, thupi limayenda ngati moto wa nkhuni zaziwisi. Munthu amatopa msanga, amamva kuzizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, khungu limauma, tsitsi limathothoka, ndipo amadzimbidwa. Kulemera kumaonjezeka ndi makilogalamu 2 mpaka 5, ndipo kwambiri amakhala madzi ndi mchere zosungidwa m'thupi. Nthendayi imagwira akazi koposa amuna. Dotolo amaidziwa poyeza magazi. Mankhwala ake ndi levothyroxine, kambulu kamodzi m'mamawa uliwonse, munthu asanadye kanthu. Sagwira ntchito tsiku limodzi: dotolo amayezanso magazi patapita milungu 6 kapena 8 kuti aone ngati mlingo wakwana. Chithokomiro chimafuna ayodini, nchifukwa chake tiyenera kugula mchere wothiramo ayodini ndi kuusunga m'chotengera chotseka.

Palinso nthenda ina ya akazi imene madotolo amaitcha PCOS. Imapezeka mwa mkazi mmodzi pa akazi 10 alionse a msinkhu wobereka, kapena pafupi pamenepo. Zizindikiro zake ndi izi: kusamba kodumphadumpha, ziphuphu, ndevu zomera pachibwano, ndi kuvuta kutenga pakati. Mwa ambiri a iwo thupi silimvera bwino homoni ya insulin, imene imalowetsa shuga m'minofu. Pamenepo thupi limapanga insulin yambiri, ndipo insulin ikachuluka mafuta amasungidwa msanga, makamaka pamimba. Koma nayi nkhani yabwino: mai wolemera makilogalamu 80 akatsitsa 4 okha, nthawi zambiri kusamba kumayamba kubwerera m'malo mwake.

Mankhwala onenepetsa

Mankhwala ena abwino, opulumutsa moyo, amaonjeza thupi. Prednisolone, amene amapatsidwa kwa odwala mphumu ndi nthenda zina zotupitsa, amautsa njala ndi kudzaza nkhope akamwedwa nthawi yaitali. Jakisoni wa insulin wa odwala shuga amanenepetsanso. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amaonjeza thupi mwa amai ena, koma osati onse. Chimodzimodzinso mankhwala ena a nthenda za maganizo. Ndipo kuyambira m'chaka cha 2019, pamene zipatala za m'Malawi zinayamba kupereka ma ARV okhala ndi dolutegravir, ena aona thupi likukwera, makamaka akazi.

Musaleke mankhwala mwa inu nokha

Pano mpamene pali ngozi. Munthu akaona kuti malaya akumuthina, amaganiza zoleka mankhwala mwakachetechete. Kutero nkuotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe. Woleka ma ARV amadzutsa kachilombo kamene kanagona. Woleka prednisolone mwadzidzidzi atamwa milungu yambiri angathe kukomoka, ngakhale kufa, chifukwa mankhwalawa amatsitsidwa pang'onopang'ono. Woleka insulin amaika moyo wake pachiswe. Ngati mwaona kuti thupi lakwera chiyambire mankhwala, pitani ndi kabuku kanu ka kuchipatala mukafotokoze. Nthawi zina dotolo amasintha mlingo kapena kupereka mtundu wina. Ndiponso chenjerani ndi tiyi kapena mibulu yogulitsidwa pamsika yoti njochepetsa thupi. Yambiri imangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa; chotuluka ndi madzi, mafuta ali chikhalire.

Zoyenera kuchita

Choyamba, musadzisale kudya tsiku lonse, makamaka ngati mukubaya insulin, pakuti shuga angatsike koopsa. Idyani nthawi zake, koma chepetsani mitanda ya nsima ndi kuchulukitsa ndiwo zamasamba, nyemba, nandolo ndi usipa. Mgaiwa ndi wabwino koposa ufa woyera. Chachiwiri, chepetsani shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mowa, mandasi ndi mafuta ophikira. Chachitatu, yendani mwachangu mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, makamaka m'chilimwe pamene ntchito ya kumunda yatha. Chachinai, musakwere sikelo tsiku ndi tsiku. Tengani chingwe muyeze m'chiuno, pamchombo, kamodzi pa mwezi, ndi kumanga mfundo. Kawirikawiri chingwe chimayamba kunena zoona sikelo isananene.

Theka la kilogalamu pa mlungu ndi liwiro labwino, ndipo kwa munthu wa nthenda izi ngakhale kuchepera apo nkokwanira. Inu abambo ndi apongozi, lekani kuseka. M'malo mwake mperekezeni wodwalayo kuchipatala akayezedwe magazi, ndipo pakhomo idyani naye ndiwo zomwezo. Kuyenda pang'onopang'ono nkufika ndithu.