Fyuluta ya oyilo sagula ndi maso

M'mashopu a masipeyala ku Malangalanga mumzinda wa Lilongwe kapena ku Limbe, malonda a fyuluta ya oyilo sachedwa. Wogula amabwera ndi yakale m'jumbo, wogulitsa amatsitsa ina pashelefu n'kuziimika pamodzi. Zikalingana msinkhu ndi bowo, mumva akuti, "Ndi yomweyi bwana, imalowa."

Wogulitsayo nthawi zambiri sanama. Fyuluta imodzi imagwiradi ntchito pa magalimoto angapo, chifukwa imatsatira injini osati dzina la galimoto. Injini ya 1NZ-FE imapezeka mu Sienta, mu Probox ndi m'ma Corolla ena, choncho onsewa akhoza kugawana fyuluta. Makampani monga GUD ya ku South Africa, Mann ndi Bosch ali ndi mabuku osonyeza nambala yawo yomwe ikulowa m'malo mwa ya Toyota kapena ya Nissan. Kusinthanitsa kotereku kulibe vuto. Choopsa ndi kusinthanitsa koyerekeza ndi maso, ndipo ngozi yaikulu ili pa mazinga.

Mafyuluta ambiri a Toyota omanga pozunguliza ali ndi mazinga a 3/4-16, omwe amayezedwa m'mainchi. A Honda Fit, Nissan Note ndi Mazda Demio ali ndi M20x1.5, a m'mamilimita. Oyambawo ndi mamilimita 19.05 m'lifupi, enawo ndi 20. Kusiyana kwake sikukwana ndi milimita imodzi yomwe, ndipo palibe diso lomwe lingakuone pakauntala. Fyuluta ya 3/4-16 imakana kulowa pa injini ya M20, ndipo kukanako n'komwe kumapulumutsa mwini galimoto. Koma ya M20 ikaikidwa pa injini ya Toyota imazungulira mofewa, n'kumaoneka ngati yagwira, pomwe mazinga angolumana nsonga zokha. Injini ikathamanga, mphamvu ya oyilo ikhoza kuikankha n'kuisomola. Oyilo yense amathera pamsewu m'kanthawi kochepa, ndipo dalaivala akachedwa kuzimitsa, injini yanoka. Zimandipweteka mtima kuganiza kuti wa takisi amene akudyetsa banja ndi Sienta imodzi angataye injini chifukwa cha chinthu chotchipa chonchi.

Mazinga akagwirizana, nkhani siinathe. M'kati mwa fyuluta muli valavu yomwe imatseguka pepala losefera likatsekeka kapena oyilo akakhala wolimba m'mawa kukuzizira, kuti injini isasowe oyilo. Oyilo wodutsira pamenepo sasefedwa. Injini iliyonse ili ndi mlingo wake wa mphamvu yotsegulira valavuyi. Pa mafyuluta ambiri a Subaru imatseguka cha pa psi 23, pomwe pa mafyuluta ambiri a magalimoto ena ang'onoang'ono imatseguka mphamvu isanafike pamenepo. Mazinga a Subaru ndi M20x1.5, ofanana ndi a Honda, choncho fyuluta ya Honda imamanga bwinobwino, sidontha, koma ikhoza kumalola oyilo wakuda kudutsa kawirikawiri. Galimoto imayenda ndithu, kwinaku zitsulo zikudyeka pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

Palinso kalabala koletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima. Pa injini yomwe fyuluta yake imakhala chogona kapena chozondoka, kalabalaka kakasowa mumamva kugogoda kwa masekondi angapo poliza m'mawa. Labala yozungulira ya kukamwa nayo iyenera kugwera ndendende pamalo pake.

Kuno kwathu pali chinthu china chofunika kusamala. Magalimoto ambiri ndi akale ochokera ku Japan, ndipo ena anasinthidwapo injini. Kutchula "Corolla" kokha kushopu sikukwanira. Makaniko wosamala amayang'ana nambala yodindidwa pa injiniyo, monga 1NZ kapena 1ZZ, n'kufufuza fyuluta yake m'buku la kampani. Fyuluta yomwe yachotsedwa si mboni yodalirika, popeza amene anaimanga akhoza kukhala kuti nayenso anangoyerekeza.

Pomanga fyuluta yatsopano, makaniko aonetsetse kuti labala ya yakale sinakakamire pa injini, chifukwa malabala awiri akasanjikizana oyilo amatulukira pakati. Apake kaoyilo pa labala yatsopano, amange ndi dzanja mpaka labalayo itakhudza, kenako aonjezere monga momwe palembedwera pa fyulutayo. Ngati ikugwedera pozunguliza, aichotse pomwepo. Akaliza injini, nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa, ndipo asuzumire pansi galimoto isanatuluke m'galaja.