Chiphaso Chofufuzira Mafuta Sichitsimikiza Phindu kwa Ogula Masheya

Pa Njuli m'boma la Chiradzulu, m'mbali mwa msewu wa Blantyre–Zomba, ntchito yophwanya miyala ya kwale ndi yoonekera: mwala uli poyera ndipo wogula amadziwa chimene akulipira. Zinthu sizili choncho ndi makampani ofufuza mafuta ndi gasi, omwe katundu wawo ali pansi pa nthaka pomwe palibe amene wamuona.

Ogwira ntchito m'boma amene akulingalira zoika ndalama zawo zopumira pantchito m'masheya a makampani otere akuyenera kumvetsa kusiyana kumeneku.

Kampani yofufuza mafuta kawirikawiri imakhala isanagulitse ngakhale lita imodzi. Ndalama zoyendetsera ntchito imazipeza pogulitsa masheya, ndipo zikatha imagulitsanso ena atsopano, zomwe zimachepetsa gawo la amene adagula poyamba. Mtengo wa masheyawo umakwera kapena kutsika potsatira nkhani zimene zamveka, osati phindu limene lapezeka.

Mbiri ya dziko lino ikuchitira umboni. Boma lidagawa malo ofufuzira mafuta m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo m'chaka cha 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum idalandira ziphaso za zigawo ziwiri za pa nyanja ya Malawi. Mu 2012 kampani ya SacOil, yomwe masheya ake ankagulitsidwa ku Johannesburg ndi ku London, idapatsidwa chigawo choyamba kumpoto, pomwe RAK Gas ndi Pacific Oil adalandira zawo mu 2013.

Zopinga sizidachedwe. Mu 2012 dziko la Tanzania lidadzutsanso mkangano wa malire a panyanja, pomwe Malawi adaima pa pangano la Heligoland la mu 1890. Mu November 2014 boma lidaimitsa ntchito yofufuzayi pofuna kuunikanso momwe ziphasozo zidaperekedwera, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 2016.

Pa nthawi yomweyo mtengo wa mafuta padziko lonse udatsika kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo mu 2014 kufika pansi pa madola 30 mu January 2016. Ziphaso zonsezi sizidafikitse dziko lino poyamba kupopa mafuta ogulitsa.

Ngakhale makampani akuluakulu amagwa m'chitsime chopanda phindu. Mu January 2025 Shell idalengeza kuti yaluza pafupifupi madola 400 miliyoni pa zitsime zomwe idakumba m'nyanja ya mchere ku Namibia, kaamba koti mafuta omwe idapeza sakadapopedwa mopindulitsa.

Chimene chimakopa anthu n'chakuti mwayi umagwadi nthawi zina. Gasi atapezeka ku Rovuma m'dziko la Mozambique mu 2010, kampani yaing'ono ya Cove Energy idagulidwa mu 2012 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1.2 biliyoni. Komabe gasi woyamba wa m'derali adatumizidwa kunja mu 2022, patatha zaka 12, ndipo ntchito ina yaikulu idaima mu 2021 zigawenga zitaukira tawuni ya Palma.

Choncho wogula masheya otere ayambe wafunsa kuti kampaniyo ili ndi ndalama zingati, chitsime chimodzi chidzadya zingati, komanso chiphaso chake chitha liti. Agule kudzera mwa ogulitsa masheya ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo potumiza ndalama kunja atsatire malamulo a ndalama zakunja.

Akuluakulu a boma amene lamulo la mu 2013 limawalamula kuulula chuma chawo akuyenera kulembetsanso masheyawa, makamaka ngati ntchito yawo ikukhudza migodi.

Koposa zonse, munthu aike ndalama zokhazo zomwe zitatayika banja silingagone ndi njala. Ngongole kapena ndalama za sukulu ya ana si zoyesera mwayi pa chitsime chomwe sichidakumbidwe.